Khoma Limene Anamanga Apongozi Ako

Zione mwana wanga,

Azimayi onse apita ku holo kukamanga nsalu ndi maluwa, bambo ako apita kukameta, ndiye pakhomo pano ndatsala ndekha. Diresi lako ndamaliza kulisita, lili kuseri kwa chitseko. Usaliyesenso, lakukwana. Ndakhala pa bedi lako ndi cholembera, moyang'anana ndi khoma lija, ndipo dzuwa la masana ano likulowa pa mng'alu n'kujambula kamzere pansi. Malangizo a m'banja akupatsa kale amayi a kumpingo ndi azakhali ako, ena mpaka unachita kubisa nkhope m'chitenje. Zimenezo sindibwereza. Ine nkhani yanga ndi ya khoma, ndipo ndikufuna uiwerenge usanamve kwa munthu wina zimene ndachita m'mawa uno.

Mawa madzulo iwe ndi Yamikani mukagona m'nyumba yanu yatsopano ku Area 10. Amene anaimanga ndi bambo Kamanga, bambo ake a Yamikaniyo, omwenso anamanga ino tikukhalayi. Pagulu amakonda kunena kuti "ana ndawapatsa nyumba", koma iwe ndi ine tikudziwa kuti nyumbayo mwagula, ndipo kubanki azikudulani mpaka ana anu adzafike ku sekondale. Pa pepala limene munasaina analembapo zomwe analembanso pa lathu, zoti chilichonse chimene chingaonongeke m'chaka choyamba chifukwa cha kamangidwe adzakonza okha. Chaka chathu chinatha ine ndili chete. Mantha anga ndi akuti chakonso chidzatha iwe uli chete, ukugwada ndi kupereka madzi osamba m'manja, khoma likung'aluka kumbuyo kwako.

Ukuwadziwa amako. Zaka zonse zimene ndakhala pa makina osokera ku Area 1, sindinagulepo chovala ndisanachitembenuze kuti ndione msoko. Ku Msika wa Tsoka anyamata a kaunjika akandiona amatsinana kuti abwera amayi oona m'kati aja. Bambo ako amati ndili ndi matenda ofunsa, ndipo sindikana. Koma chimene chimandizunguza mutu mpaka lero n'chakuti munthu yemweyo wotembenuza siketi ya kaunjika analandira nyumba yathunthu osatembenuza kalikonse. Ndipo si ine ndekha. Kasitomala wanga diresi likamuthina m'khwapa amabwera nalo m'jumbo tsiku lomwelo, nkhope ili gwa, ine n'kuphwasula n'kusokanso popanda mlandu. Koma munthu yemweyo nyumba ikang'aluka amangosunthirapo kabati. Ndafunsa ambiri chifukwa chake. Ena amaseka n'kunena kuti nyumba sungaiike m'jumbo. Ine ndikuona kuti ndi manyazi, chifukwa kuno womanga nyumba sakhala mlendo. Amakhala wa kumpingo, kapena m'bale wa mnzako wa kuntchito, kapena monga zatichitikira ife.

Tsiku limene tinalandira makiyi iwe unali ku koleji, sunaone. Inali nyengo yozizira. Tinaitana abusa, kwaya ya amayi inabwera ndi yunifolomu, ine ndinali nditasoka makatani a nyumba yonse. A Kamanga anatiyendetsa chipinda ndi chipinda makiyi ali m'mwamba, ife pambuyo tikungoti "eee, zikomo, eee, zokongola bwanji". Fungo la penti limaledzeretsa, mwana wanga. Ndinasisita khoma ndi chikhatho, ndinadziyang'ana nkhope m'matailosi, basi kuyendera kwanga kunathera pomwepo. Patapita sabata m'pamene ndinaona kuti madzi a m'bafa mwathu sadziwa kumene kuli bowo, amatuluka pansi pa chitseko kulowera kuchipinda. Mpaka lero ndimawakankha ndi phazi ngati mbuzi yokana khola. Ndiye iwe nyimbo zikatha, alendo akapita, utenge chidebe cha madzi ukakhuthule m'bafa, uime pomwepo uone kumene akulowera. Utenge sipuni ugogode tailosi iliyonse. Imene yagwira imayankha mwachidule, imene pansi pake pali mphako imalira ngati chitini chopanda kanthu. Zitseko utsegule ndi kutseka zonse, mazenera chimodzimodzi. Yamikani umukweze m'siling'i dzuwa lili pamutu, chifukwa kuwala kulikonse kumene angaone m'malata ndi mvula ya mu Disembala imeneyo. Anthu adzakuseka kuti mkwatibwi akujompha pansi ngati nkhuku. Asiye aseke.

Mng'alu uwu ndinauona koyamba m'chilimwe choyamba, mu Okutobala, ndikupachika neti m'chipinda chako chino. Unali wochepa ngati tsitsi, kuchokera pa ngodya ya zenera kukwera m'mwamba. Chimene chinandikopa ndi kayendedwe kake. Sunkapita molunjika, unkakwera ngati masitepe, kutsata mizere ya njerwa. Ndinaima pa mpando nthawi yaitali ndikuulondola ndi chikhadabo, mpaka bambo ako anandifunsa ngati pakhomapo palembedwa nkhani. Lamlungu lotsatira ndinakumana ndi a Kamanga panja pa tchalitchi, ndipo tamva mmene ndinanenera: "Bambo, kakhoma kathu kaja kayamba kumwetulira pang'ono." Iwo anaseka, ine ndinaseka. "Ndi pulasitala ameneyo mayi, akuuma. Nyumba yatsopano imayamba yadziongola isanakhazikike." Tinatsanzikana mwansangala, ine n'kumapita kunyumba mtima uli m'malo kuti ndanena. Sindinanene kanthu, Zione. Chimene ndinawapatsa tsiku limenelo chinali moni. Iwe ukaona cholakwika usakachinene pakhomo pa tchalitchi, usachinene ukuseka, ndipo usachichepetse kuti womvayo asakhumudwe. Ujambule ndi foni, pambali pake utaikapo kamtengo ka machesi kuti kukula kwake kuoneke, ndipo utumize uthenga wolemba ku ofesi yawo, osati kunyumba kwawo.

Mvula itayamba denga linayamba kudontha pabalaza, pamwamba penipeni pa mpando wa bambo ako. Apo ndiye bambo ako analankhula mwamphamvu, chifukwa madzi anawagwera pa dazi. A Kamanga anatumiza mwana wawo, iwe n'kuti uli patchuthi. Ine ndinkadabwa kuti bowo limodzi la msomali limafuna maulendo angati. Mnyamata ankabwera ndi makwerero, kukwera, kutsika, kupempha madzi akumwa, mawa lake n'kubweranso kuti anaiwala hamala. Tsiku lina ndinamanga chitenje m'chiuno n'kukwera ndekha makwererowo, ndipo ndinapeza bowo lija linamatidwa kalekale, phula litauma gwa. Sindinakuuze. Ndinangotsika n'kukagula makapu abwinoko a alendo. Mwamuna wakoyo ntchito amaidziwa ndipo ndimamukonda, koma uzikumbukira kuti pa nkhani ya khoma iye ali pakati. Ndamuona akaima pamaso pa bambo ake, amangovomera chilichonse. Usadzamukakamize kusankha pakati pa iwe ndi iwo chakudya chili patebulo.

A Kamanga eni akewo anabwera mu Febuluwale, mvula ili pakati, atavala magambuti. Ndinawatsogolera kuchipinda chino ndikudziuza kuti lero aona okha. Tinafika, ndinasuntha katani, mng'alu kulibe. Ndinavala magalasi, ndinayandikira, ndinangopeza kamzere kosaoneka bwino ngati kolemba ndi pensulo. Unayamba wathamangira kuchipatala ndi mwana wotentha thupi, n'kufika pamaso pa dokotala iye akusewera ndi kuimba? Sunayambe, koma udzaziona. A Kamanga anangoti, "Mwaona mayi? Ndinakuuzani, yakhazikika." Ndinapepesa kuti ndawatayitsa nthawi, ndinawaphikira tiyi. Atapita ndinabwerera kuno n'kulifunsa khomali mokweza kuti landichititsiranji manyazi.

Zinandisowetsa mtendere, osati chifukwa cha mkwiyo, koma kufuna kudziwa. Kodi khoma limatseka bwanji pakamwa lokha? Ndinapita kwa mmwenye wachikulire uja wa sitolo ya simenti ndi malata ku Old Town, moyandikana ndi pamene ndimagula ulusi. Iye sanadabwe n'komwe. Anandifunsa ngati nyumba ili kumtunda kapena kumunsi. Nditayankha kuti kumunsi kwa Area 43, cha kudambo, anati, "Mayi, matani pepala mopingasa pa mng'alupo, uku ndi uku. Likang'ambika ndiye kuti khoma likuyenda. Komanso kakumbeni kuseri kwa nyumba muone dothi." Ndinachita zonse ziwiri. Dothi lapamwamba linali lofiira, lochita kudzathira ndi galimoto, koma pansi pake panali makande, dothi lakuda lonanda lija. Ndinatapa m'beseni n'kuthira madzi, linafufuma ngati ufa wokanda wa mandasi. Ndinaliika padzuwa, linauma n'kusweka ming'alu yolowa chala. Ndinakhala pansi ndi beseni langalo n'kumvetsa kuti nyumba yathu inakhala pa chinthu chopuma. M'dzinja dothi limatupa n'kukankhira maziko m'mwamba, mng'alu n'kutsekeka. M'chilimwe limanyala, ngodya ya nyumba n'kutsika, mng'alu n'kutseguka. Nditabwerera kusitolo kuja, mkulu uja anandiuza kuti pa dothi lotere maziko amafunika akhale akuya ndiponso a zitsulo zokwanira, ndipo zimenezi mwini nyumba saziona, chifukwa pofika tsiku la makiyi zimakhala zitakwiririka kale. Kunena zoona, tsiku limenelo ndinasangalala ngati mwana wokhoza mayeso. Mantha anabwera mawa lake.

Ndiye umvetse ichi, Zione, ndipo ngati uiwale zina zonse ichi chokha usunge. Denga limaulula zake m'dzinja, khoma limaulula zake m'chilimwe. Womanga umuitanire denga mvula ikugwa, koma khoma umuitanire mu Okutobala. Ukasinthanitsa, wabodza ukhala iweyo. Ndimadzifunsabe kuti amene anayamba kunena kuti chaka chimodzi chikwanira anali ndani, ndipo ankamanga pa dothi lotani. Chaka chimodzi chili ndi chilimwe chimodzi chokha, ndipo pa chilimwe chimenecho nyumba imakhala isanayambe kulankhula bwinobwino, imangonong'ona.

Pamene ndinkazindikira zonsezi chaka chathu chinali chisanathe, ndipo ndinali nditakonzeka kupita ku ofesi kwawo ndi beseni langa. Sabata yomweyo amalume ako anabwera kudzatiuza kuti kwafika anthu ochokera kwa a Kamanga, akufunsira mbeta. Kuyambira tsiku limenelo a kontirakitala anasanduka asewere, makolo anzathu. Ndinayesa kuyambitsa nkhani ya khoma, bambo ako anangoti, "Amake Zione, mukufuna kupasula banja la mwana chifukwa cha njerwa?" Ndinabweza beseni kuseri. Asewere suwauza kuti ntchito yawo inalakwika. Umawapatsa mpando wabwino, umawafunsa za kumudzi, umawaperekeza mpaka pageti ukuseka. Tsiku limene chaka chinatha ndinadzuka ndikulidziwa, ndinasamba, ndinapita kushopu n'kukasoka mayunifolomu a ana a sukulu. Chilimwe chitafika pepala lija linang'ambika pakati, ndipo pa mng'alu pankalowa pensulo. Zinandiwawa, sindikubisira. Bambo ako anagwira ntchito m'boma mpaka tsitsi kutha kuti timange nyumba imeneyi.

Choseketsa kwambiri tinachichita chinkhoswe chako chitayandikira. Mng'alu unali utatulukira kunja, moyang'anana ndi pamene tinkafuna kumanga tenti. Bambo ako anati alendo asaone zimenezi, makamaka asewere, angachite manyazi pamaso pa anthu. Anakatenga mmisiri wa aja amakhala pafupi ndi msika atayala zida zawo kudikira ganyu. Anamata, anapaka penti, ife tinayamikira. Taganiza bwino: tinalemba munthu ganyu kuti abise cholakwa cha womanga, kumubisira womangayo! Ndikazikumbukira ndimaseka ndekha pa makina, makasitomala n'kumandiyang'ana. Koma zimenezi zinatimanga manja, chifukwa womanga aliyense, ngakhale akhale wokoma mtima chotani, akangomva kuti dzanja lina lakhudza ntchito yake amasamba m'manja. Usadzalole, mwana wanga. Kaya kukubwera alendo ochokera kunja, kaya ndi apongozi akowo, mng'alu uusiye poyera. Manyazi ake si ako, sunamange ndiwe. Zomata zija zinagwa chaka chisanathe, ndipo pamene ndakhala pano ndikutha kuona masamba a mpapaya kunja.

Loweruka lapitali titapita kukasiya mbale ndi mabulangete kunyumba kwanu, iwe unali kalikiliki kuyeza mazenera ndi anzako. Ine ndinalowa kuchipinda chanu chogona. Nyumbayo ndi yokongola, sindikana. Kuli zii kumeneko, mumangomva mbalame ndi mageti a anthu akutseguka. Koma dzuwa linkalowa cham'mbali, ndipo telala amadziwa chigamba ngakhale ulusi ufanane chotani. Pa khoma la kumadzulo, kuchokera pa ngodya ya zenera, penti inkawala mosiyana, mzere wake ukukwera ngati masitepe. Ndinakanda ndi chikhadabo, pansi pake panali pofewa, pomata posachedwa. Ndinatuluka ngati ndikukapitidwa mphepo, ndinazungulira kuseri kumene anakumba dzenje la zinyalala, ndinatapa dothi la pansi n'kumanga pa nsonga ya chitenje. Pobwerera unandifunsa m'galimoto kuti ndakhaliranji chete, ndinati ndi mutu. Kunyumba ndinaliika m'beseni lomwe lija n'kuthira madzi. Linafufuma.

Amene anamata sindikumudziwa, ndipo sindinafunse. Ngati Yamikani akudziwapo kanthu, mpatse mpata akuuze yekha, usamufunse sabata ino. Chimene chandivutitsa masiku onsewa n'chakuti nkhaniyi ndiipereke kwa yani. Ndikuuze iwe, ukatani nayo, mkwatibwi wongolowa kumene pa banja la eni? Ndiuze bambo ako, yankho lawo ndikulidziwa kale. Ndinayang'ana banja lonse mmodzimmodzi, ndipo ndinapeza kuti aliyense ali ndi chifukwa chabwino chokhalira chete. Amene analibenso choti ataye ndinali ine, chifukwa chaka changa chinapita kale.

M'mawa uno ankhoswe a mbali zonse ziwiri amakumana kunyumba kwa a Kamanga kumaliza za mawa, za magalimoto ndi za mipando ya kutsogolo. Ine sindinaitanidwe, ndipo ukudziwa kuti mayi wa mkwatibwi alibe malo pamenepo. Ndinawaimbira amalume ako kuti andidutsire. Ataona beseni pamiyendo panga anati, "Achemwali, mwapenga kodi?" Ndinati tiyeni tizipita.

Atamaliza zawo ndinapempha kuti ndilankhulepo. Ndinagwada, ndinaika beseni patsogolo pa asewere, ndipo ndinanena mosapita m'mbali kuti khoma la kwathu linang'aluka chifukwa cha maziko, kuti la ana layamba chimodzimodzi, ndiponso kuti wina walimata. Mayi Kamanga, amene ankabweretsa tiyi, anabwerera pakhomo ndi makapu awo.

A Kamanga anayankha mawu ali pansipansi. "Asewere, tsiku la lero? Pamaso pa anthu? Chaka chanu chinatha kalekale, ndipo simunadandaulepo ngakhale kamodzi. Munaitana munthu wanu kudzamata. Ndinaona ndekha pa chinkhoswe paja, ndinangokhala chete kukusungirani ulemu. Ndiponso mumathirira maluwa m'mbali mwenimweni mwa khoma."

Wamva zimenezo? Anaona! Tsiku lonse la chinkhoswe anakhala moyang'anana ndi chigamba chathu, ife tikuwabisira, iwo akutibisira zoti aona. Ndinatsala pang'ono kuseka, ndipo ndinkafunitsitsa kuwafunsa kuti ankaganiza chiyani tsiku lonselo pamene anthu ankavina. Ndinadzigwira. Za maluwazo ananena zoona, iwe usadzabzale kanthu kofuna madzi pafupi ndi khoma.

Ndinati, "Zonse mwanenazo sindikana, bambo. Nkhani ya nyumba yanga ija isiyeni, sindidzaitchulanso, tidzaona tokha ndi abambo akunyumba. Ine ndabwerera ya anawa. Munene pamaso pa ankhoswewa kuti nyumbayo ana agula. Ndipo muilole ione nyengo ziwiri za chilimwe musanasambe m'manja, chifukwa imodzi sikwanira, mukudziwa inu kuposa ine. Zione akadzaona cholakwika sangakuuzeni maso ndi maso, ndinu apongozi ake. Adzalembera ku ofesi, adzauza ankhoswe, ndipo zisadzatengedwe ngati mwano."

A Kamanga anadzuka n'kutuluka panja. Tinkawaona pazenera ataima pafupi ndi galimoto yawo, manja ali kumbuyo. Nkhoswe ya kwawo, mkulu wofatsa, anapisa chala m'beseni, anafinya dothilo, analiyang'ana, kenako anawatsatira. Anakhalitsa kunjako. Amalume ako ankangoyang'ana nsapato zawo, ine maondo ayamba kuwawa koma sindinadzuke. Atabwera, a Kamanga sanakhale pansi, ndipo analankhula kwa amalume ako, osati kwa ine. Anati ngodya ya kumadzulo aikumba n'kulimbitsa maziko ake mvula isanayambe, nyengo ziwiri za chilimwe avomera, ndipo Lolemba ofesi ilemba zonsezi kuti ankhoswe asaine. Zoti nyumbayo mwagula ananena liwu limodzi lokha, "agula", ngati akulavula njere ya ndimu. Kenako anatembenukira kwa ine n'kunena kuti, "Mukanakhala kasitomala wamba, ndikanakuuzani kuti tikaonana kukhoti." Ndinati zikomo, ndinanyamula beseni langa. Sanatiperekeze ngakhale mpaka pakhonde.

Usawade, Zione. Si munthu woipa, ndipo akanafuna akanakana, chifukwa pepala linali kumbali yawo. Ndikufunabe kudziwa ngati ankadziwa za makande pamene ankamanga yathu, kapena anaphunzirira pa ife, ndiponso chifukwa chake munthu wodziwa ntchito amasankha kumata m'malo mokumba. Mwina tsiku lina tikadzakalamba, titanyamula mdzukulu mmodzi, ndidzawafunsa. Iwe uwalemekeze, uwagwadire, uwaphikire zimene amakonda. Koma pepala umate pa khoma la kumadzulo sabata yoyamba, ndipo uziliyang'ana. Anthu akadzabwera kudzakumba, ukaime pomwepo uone kuti akutsika mpaka pati, ufunse, usaope kuoneka wosadziwa. Zimene zikwiriridwe tsiku limenelo sudzazionanso.

Bambo ako sakudziwa kanthu panopa. Ndiwauza ndekha, ndipo ndikudziwa kuti andikwiyira, poyamba chifukwa cha manyazi, kenako chifukwa ndataya mlandu wa nyumba yathu osawafunsa. Zimenezo ndi zanga ndi iwo, takhala limodzi nthawi yaitali, tithana nazo. Ndayamba kale kukusowa, mwana wanga, ngakhale nsapato zako zikadali pansi pa bedi lino.

Mawa ku holo ukaona apongozi ako akundidutsa osandipatsa moni, kapena amayi ake a Yamikani akuvinira kumbali ina pamene ine ndadzuka, usagwetse nkhope ndipo usafunse aliyense. Mkwiyo umenewo unayenera kugwera munthu woyamba kuwauza kuti khoma lawo lang'aluka. Ndinaona kuti munthu ameneyo akanakhala iwe, uli wekha pakati pa eni, ndiye ndinathamanga kuti ndikafike ine. Iwe udzakhala wachiwiri. Mawa uvine.

Ndine amako.